Nthumwi za Che Zubairu

"Mbuzi imeneyo muisiye, bambo a Ilham. Ili ndi bere."

Zubairu sanatembenuke kumuyang'ana mkazi wake, Sofia. Chingwe anali atachikulunga kudzanja, mpeni wochinjira ataupana kukhwapa, ndipo mbuziyo inali itakhwimitsa miyendo yonse inayi ngati yamva kale zimene zinaonekera anzake.

"Berelo ndaliona," anatero. "Nthumwi sizidya bere, zimadya nyama."

"Ndiye kazipatseni nyama ya kwanu. Mbuzi izi anandisiyira ndi mayi anga. Inu pamudzi pano munabwera ndi chikwama chimodzi ndi wailesi yopanda mabatire."

"Tsitsani mawu, mayi a Ilham. Anthu akumva."

"Amve! Pakhomo pano makutu awo okha ndiwo sanadyepo kanthu."

Anthu akumvawo anali pansi pa mtengo wa mango, ena pamikeka ya Sofia, ena panjerwa, mmodzi pamtondo atachita kuugoneka. Zinali nthumwi za chipani, anthu ochokera m'nthambi za m'midzi ya kwa Nsamala, amene kumapeto kwa mwezi amayenera kusankha wapampando wa chipani m'dera lonse. Chimvekere kuti Zubairu, wokonza njinga wa pa Rivirivi, akuufuna mpandowo, nthumwizi zinayamba kumukonda chikondi chodabwitsa. Zinkafika dzuwa lisanawawe, kupereka salamu, kufunsa za ana, kenako n'kukhala phee maso ali kukhitchini.

"Inu mumaganiza za lero lokha," anatero Zubairu, mawu atawafewetsa. "Aphungu akabwera kuno amagwirana chanza ndi ndani? Wapampando. Galimoto ya chipani imaima pakhomo pa ndani? Feteleza wotsika mtengo akafika, amayamba kumva ndani? Lero mbuzi imodzi, mawa khola lodzaza."

"Pa mbuzi yoyamba munatero. Pa yachiwiri munatero. Kholalo ladzazadi, ladzaza mphepo."

"Blasius, amene ndikupikisana naye uja, akuwaphera nkhuku tsiku lililonse."

"A Blasius ali ndi golosale ku Balaka, ali ndi lole. Inu muli ndi sipanala."

Apo pansi pa mango panadzuka Twalibu, mchimwene wake wa Sofia, akutokosa m'mano ndi kamtengo ngakhale anali asanadye kanthu, ankakonzeratu malo. Twalibuyo ndiye anali mwinimbumba, munthu amene Sofia akanathamangirako mwamuna akayamba kusakaza za pakhomo. Vuto linali loti nayenso anali nthumwi.

"Mlongo," anatero, "ndale sizifuna mtima wapachala. Alamuwa akakhala pampando, dzina lokwera ndi lathu. Bweretsani mpeniwo, alamu, ndichinje ine. Inu dzanja likunjenjemera."

"Achimwene, mbuzi ya mayi athu imeneyo."

"Mayi athu anali munthu wopatsa. Bisimila."

Sofia anaiphika nyamayo, poti kusiya alendo ndi njala likanakhala dzina lake loipa, osati la Zubairu. M'mimba mwa mbuziyo munali tiana tiwiri. Anatikwirira yekha kuseri kwa bafa, uku pansi pa mango akuimba: "Zubairu pampando! Pampando!" Mawu omveka kwambiri anali a achimwene ake.

Mbuzi zitatha, Zubairu anagwa m'chikondi ndi maliro. Winawake anali atamuuza kuti wandale weniweni saphonya maliro, ndiye malo ake okonzera njinga anawatseka n'kuyamba kuyenda makutu ali tcheru. Kukangomveka kulira kumudzi wina, iye wafika kale. M'jumbo ankanyamula kanzu ndi kofia za kumaliro a Chisilamu, komanso jekete ndi tayi za kumaliro a Chikhristu, n'kumavalira kuthengo atafunsa kaye kuti malemu ankapemphera kuti. Tsiku lina analankhula kumanda mpaka thukuta, kutamanda malemu kuti anali bambo wolimbikira, mzati wa banja, mpaka wina anamukoka jekete n'kumunong'oneza kuti amene akuikidwawo ndi mayi.

Zimenezo Sofia akanangoseka nawo. Koma masana ena akuchokera kuchigayo, dengu la ufa lili pamutu, anapeza nyumba yake ili yasaa. Pamene pamakhala chitseko panali patapachikidwa chitenje cha chipani, nkhope ya mtsogoleri ikumwetulira pakati.

"Chitseko chili kuti?"

Zubairu anali pakhonde, akupukuta nsapato. "Chapita kukagwira ntchito ya Mulungu."

"Ndalankhula Chichewa. Chitseko changa chili kuti?"

"Apongozi a Elliam atisiya. Mukuwadziwa a Elliam, nthumwi za tsidya lija zonse zimamvera iwo. Matabwa a bokosi anasowa, anthu akungoyang'anana. Ndikanatani? Blasius anali m'njira ndi lole yake."

"Chitseko cha mlombwa!"

"N'chifukwa chake anthu anaombera m'manja. Malemu agona bwino."

"Nanga ife tigona bwanji? M'nyumba muno muli mtsikana wa sukulu."

"Wakuba angalowe bwanji mtsogoleri akumuyang'ana?"

Sofia anaiyang'ana nkhope ya pachitenjeyo, masaya onenepa, mano oyera. "Adzaganiza kuti wafika kwawo," anatero, n'kulowa.

Kumjigo m'mawa wina anakumana ndi Scholastica, mnzake wa kuyambira pa utsikana, amenenso anali nthumwi ya amayi. Scholastica anali atanenepako mwezi umenewo, khungu likuwala.

"Mnzanga, ndikuuze zoona, poti chinsinsi chimandiwawitsa m'mimba," anatero Scholastica akupopa madzi. "Masana timadya kwanu. Dzuwa likapendeka timakwera lole ya a Blasius."

"Nonse?"

"Nonse bwanji? Achimwene ako ndiwo amakhala kutsogolo ndi dalaivala. A Blasius, Mkatolika uja, anachita kulemba ganyu shehe woti azichinja nkhuku, kuti Asilamu asaphonye."

"Ndiye mudzasankha ndani?"

"Tidzaona tsikulo. Kwanu nyama imakoma, koma tiyi wake alibe mkaka."

"Simuchita manyazi?"

Scholastica anasiya kupopa. Kuseka kuja kunachoka. "Sofia, tavina zaka zingati pafumbi, kuimbira anthu okwera magalimoto? Akapambana, nkhope zathu amaziiwala asanafike ndi pa Liwonde pomwe. Nthawi yathu yodya ndi ino yokha. Akatifuna, tidye. Manyazi tidzachita chaka chamawa, tili ndi njala." Anasenza ndowa yake, kenako anaima. "Koma za dimba lako zija, ine ndinakana. Ndinawauza kuti pamenepo mwanyanya."

"Dimba langa latani?"

Scholastica anatsegula pakamwa, anatsekanso. "Ee! Ndiye kuti amuna ako sanakuuze?"

Sofia ndowa anaisiya pamjigo pomwepo.

Dimbalo linali m'mphepete mwa Rivirivi, pamene mtsinje umakhota n'kusiya chinyontho ngakhale m'chilimwe. Munali tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi chongoyamba kumene ndevu. Ndi dimba limeneli limene linkawadyetsa mpaka mvula, ndi limeneli limene linkamupititsa Ilham kusukulu. Sofia atafika anamva kaye nyimbo, kenako anaona maenje. Theka la tomato linali litazulidwa n'kuunjikidwa pambali. Anthu ovula malaya anali kuponda dothi, ena akuumba njerwa n'kumazindandalika pamene panali mpiru.

Woyang'anira ntchitoyo anali Mike, mkulu wa achinyamata a chipani, munthu wa imvi kundevu amene mwana wake woyamba anali atakwatiwa kale. Anali atakhala pamthunzi, akukukuta tomato wamuwisi.

"Amayi atcheya!" anafuula Mike. "Mwabwera kudzationa? Dothi lanu ndi labwino zedi, silisweka."

"Wakuuzani ndani kuti mukumbe pano?"

"Atcheya eni ake. Tikumanga ofesi ya chipani. Ati dera lonse lino lilibe ofesi, n'zochititsa manyazi. Ife achinyamata tamva, ndipo mavoti athu onse ndi awo."

"Wachinyamata ndinu?"

"Mumtima, mayi."

Sofia anatola njerwa yaiwisi. Mike anadzuka msanga n'kubisala kuseri kwa mtengo. Koma Sofia anangoiyang'ana njerwayo. Munali mizu ya mpiru, yoyera, yopyapyala. Anaiika pansi bwinobwino n'kubwerera kunyumba.

Anampeza Zubairu akuyeserera kulankhula pagulu, kalilole atamutsamiritsa pazenera.

"Bambo a Ilham, mwapereka dimba."

"Sindinapereke. Ndabwereketsa dothi."

"Dothi limabwerera?"

"Mvetsani. Achinyamata aja ndi ambiri kuposa nthumwi zina zonse. Blasius anawalonjeza mpira ndi majezi. Ine ndikanawalonjeza chiyani? Ofesi ikamangidwa, idzakhala pafupi ndi pakhomo pano. Misonkhano yonse pano. Mudzagulitsa mandasi mpaka manja kutopa."

"Munafunsa ndani?"

"Achimwene anu avomera."

"Achimwene anga anathirirapo madzi liti m'dimba muja? Inu munathirirapo liti? Mvula ikachedwa tidya njerwa?"

"Mulungu adzapereka."

"Mulungu anapereka kale. Inu ndi amene mukugawa."

Zubairu anachoka pakalilole. Nkhope yake inali yowonda, maso ofiira ndi kusagona, ndipo kwa kanthawi Sofia anamuona mwamuna amene ankamudziwa, uja wokhala chete pansi pa njinga ya munthu, manja ali bii ndi girisi.

"Mayi a Ilham," anatero motsitsa, "zaka zonsezi ndakhala ndikugwada pansi kupopa matayala a anthu. Pamudzi pano ndine mkamwini, pamsika ndine wa njinga. Ndani anandiimirirapo ine ndikamafika? Pano ndikamadutsa anthu amati atcheya. Mukufuna ndibwerere pansi?"

"Pansi pamenepo tinkadya."

Zubairu anabwerera pakalilole. "Loweruka muvale chitenje chatsopano chija. Musaiwale kuti nanunso ndinu nthumwi, ndinakulembetsani ndine. Mudzaime kumbuyo kwanga, woyamba weniweni, kuti anthu aone."

Sofia anatuluka kukasonkha moto, ndipo Zubairu anayesa kuti wavomera.

Chisankho chinachitikira pabwalo la mpira la sukulu ina ya pulayimale. Anthu anafika m'mawa, koma woyendetsa chisankho, a Chimango ochokera kulikulu la chipani, anafika dzuwa lili pamutu, akupukuta mafuta pakamwa. Anatsika m'galimoto, anakoka lamba wa buluku n'kufotokoza malamulo. Chipani chawo sichinkafuna zobisabisa. Opikisana amangidwa nsalu kumaso n'kuima moyang'ana khoma la kalasi, ndipo nthumwi iliyonse ikaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ikumufuna. Wa mzere wautali ndiye wapampando.

Anawamanga. Blasius anaima ngati thumba la chimanga, manja kumbuyo. Zubairu ankangokonzakonza tayi.

"Yambani!"

Kunali fumbi. Anthu amene mwezi wonse analumbira m'nyumba ziwiri tsopano amayenera kusankha imodzi, masana, aliyense akuona. Ena anayamba kumanga zingwe za nsapato. Ena anayenda molunjika kwa Zubairu n'kukhotera kwa Blasius pa mphindi yomaliza, ngati awombedwa ndi mphepo. Fumbi litachepa zinaoneka poyera: mzere wa Blasius unali wautaliko. Tiyi wamkaka anali atagwira ntchito. Ngakhale Mike ndi achinyamata ake a imvi anali atagawikana pakati.

Sofia anali asanasunthe. Anaima pambali ndi chitenje chake chatsopano, akuyang'ana msana wa mwamuna wake, jekete lokhala ndi chigamba chimene anasoka yekha. Mumtima ankangoti: aluze. Aluze bwinobwino, alire sabata imodzi, atsegulenso malo ake a njinga. Ndipo kuti pasakhale chikayiko, ananyamuka, anadutsa pakati pa bwalo anthu onse akuona, n'kukaima kumapeto kwa mzere wa Blasius.

Mitu yonse inatembenukira kwa iye.

Kenako wina anati, "Aaa!" Wina, "Astaghafirula!"

Woyamba kusuntha anali Twalibu. Sofia anali asanamuone, poti anali atabisala mumzere womwewo wa Blasius, kuseri kwa munthu wonenepa. Anatuluka manja ali kumutu. "Mlongo wanga wandivula! Mbumba yanga yandivula pagulu!" Anathamangira kumzere wa alamu ake ngati ndi kumene anali chiyambire.

Elliam, uja wa bokosi la mlombwa, naye anali kwa Blasius. Anatuluka n'kukweza dzanja. "Amuna anzanga, mwaona? Lero ndi Zubairu, mawa ndi ife. Akazi athu ali pompano, akuphunzira. Tikamusiya munthuyu agwe, mawa m'nyumba zathu simukhalika!"

"Osakopa anthu pamzere!" anakuwa a Chimango, koma anakuwa atakhala pansi.

Amuna anayamba kusamuka, mmodzimmodzi, kenako gulu. Amayi ena anatsatira, akupukusa mitu, ati munthu wosautsidwa chotere ndi mkazi wake ayenera kupepesedwa ndi kanthu. Mzere wa Blasius unafota ngati mpiru wa padzuwa. Scholastica, amene anatsala kutsogolo kwa Sofia, anacheuka n'kunong'ona: "Mnzanga, wamupambanitsa."

Atawamasula nsalu, Blasius anacheuka, anaona, anavula chipewa n'kudzipepesa nacho. Zubairu anacheuka, anaona mzere wake wafika mpaka pagolo, pakamwa panatseguka. Kenako maso ake anayamba kufunafuna kutsogolo kwa mzerewo, pakati, kumapeto. Anakampeza Sofia tsidya linalo. Chimwemwe chinaima pankhope pake ngati munthu amene waponda munga. Anafuna kunena kanthu, koma manja anali atamugwira kale miyendo, ndipo anapezeka ali m'mwamba, pamapewa pa anthu.

"Kwa atcheya! Kwa atcheya! Tikadye chipambano!"

"Kwatsala chiyani kumeneko?" wina anafunsa.

"Chimanga chachiwisi chilipo kudimba!" anayankha Mike. "Nkhunda ziliponso! Mtedza wambewu ndinauona m'nkhokwe!"

Sofia sanadikire kumva zambiri. Anakwera kabaza n'kumuuza wopalasayo kuti adutse njira yachidule.

Kunyumba anapeza Ilham akuchapa yunifolomu. "Abambo apambana?" anafunsa mtsikanayo.

"Apambana. Lowa m'nyumba, usatuluke."

Anatenga thumba, anaikamo zovala za Zubairu, nsapato, zida zake za njinga. Manja ankagwira ntchito mofulumira, koma atafika pa malaya amene mwamunayo anavala tsiku la ukwati wawo, anaima nawo pang'ono. Anawapinda bwino kuposa enawo. Thumbalo analimanga, analikokera kunja mpaka pamene bwalo lake limathera, iye n'kuima pambali pake atamanga chitenje m'chiuno.

Nyimbo inamveka kaye kutali, kenako fumbi, kenako anthu. Zubairu anali akadali pamapewa, tayi itatembenukira kumsana. Omunyamulawo anali atasinthana njira yonse ndipo tsopano ankapuma ngati ng'ombe za pangolo. Atafika pamalire a bwalo anawerama kuti amutsitse.

"Iyayi," anatero Sofia. "Musamutsitse pano."

Nyimbo inaduka.

"Mwamunyamula kale, pitirirani naye. Ndi wanu, mwamusankha nokha. Katundu wake ndi uyu."

Anthu anaseka, akuyesa nthabwala. Koma atayang'ana kukhitchini anaona kuti kulibe utsi, ndipo kuseka kunatha.

Twalibu anadzikankhira kutsogolo. "Mlongo, wapenga? Awa ndi atcheya a dera lonse! Ine monga mwinimbumba ndikuti..."

"Achimwene, mwinimbumba ndinu, koma mbumbayo ndine. Mwadya mbuzi za mayi athu, mwasinthanitsa dimba ndi mbale ya nyama, lero ndakupezani kwa a Blasius mutabisala kuseri kwa mimba ya munthu. Mukafuna tikambe, tikakambire kwa amalume ku Machinga, ndikafotokoze zonse kuyambira pachiyambi. Tipite?"

Twalibu anayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula, n'kubwerera m'gulu.

"Mayi," anatero mmodzi wa onyamulawo, khosi litapindika, "munthuyu akulemera."

"Ine ndamunyamula mwezi wathunthu pamodzi ndi inu nonse. Tiyeni, ndani amutenga? A Elliam, nyumba yanu ili ndi zitseko zonse. Atengeni atcheya."

Elliam anakhosomola. "Kwathu tikadali pachisoni, mayi."

"A Mike?"

"Ine ndimagona kwa apongozi."

"Nanga ofesi ija?"

"Njerwa sizinawotchedwe."

Zubairu, ali m'mwamba momwemo, anayang'ana mitu ya anthu ake. Aliyense anali atapeza chochita: wina kukanda mwendo, wina kufufuza m'thumba. "Anthu anga," anayamba, ndi mawu aja ankayeserera pakalilole, koma foni ya Mike inalira, ndipo anthu anatchera khutu kufoniko.

Mike anamvetsera, maso akukula. "Eti? Yathunthu? Yachinjidwa bwino?" Anatseka foni. "A Blasius anapha ng'ombe m'mawa, ankayesa apambana. Ati nyama isaonongeke, chipani ndi chimodzi, aliyense abwere. Lole ikudikira pamsewu waukulu."

Sofia anali asanaonepo gulu la anthu likutembenuka msanga chotero. Onyamula aja anabwerera m'mbuyo pang'ono, anamutsitsa Zubairu mumsewu, kunja kwa bwalo, mmodzi anamukonza tayi mwaulemu, ndipo onse ananyamuka. Nyimbo anaiyambanso, yomwe ija ya Zubairu pampando, poti inali itazolowereka pakamwa.

Anatsala awiri, thumba lili pakati pawo.

"Mayi a Ilham," anatero Zubairu. "Ndapambanatu."

"Ndaona."

"Munakaima kwa Blasius. Pamaso pa anthu onse."

"Ndinkafuna mubwere kunyumba."

Zubairu anayang'ana pansi. Nsapato imodzi inali itatayika m'njira, sokosi yabooka pachala. Sofia anamva mkwiyo wake ukusungunuka pamene sankafuna kuti usungunuke.

"Tamverani," anatero. "Thumbali ndikhoza kulimasula. Madzi osamba ndikuikirani. Koma alowe ndi bambo a Ilham, wokonza njinga. Atcheyawo muwasiye mumsewu momwemo. Mawa mukauze a Chimango kuti mpandowo aupereke kwa wa lole, ali ndi ng'ombe zowadyetsa anthu amenewa."

Zubairu anayang'ana nyumba. Ilham anali atasuzumira pazenera. Mwamunayo anasuntha phazi lopanda nsapato lija, linaponda m'bwalo. Ndiye mphepo inabweretsa nyimbo kuchokera kumsewu, dzina lake likumveka bwinobwino, pakamwa pa anthu ambiri. Anaima. Anamvetsera mutu ataupendeketsa, ngati mmene ankamvetserera tayala lobooka.

"Sangadye popanda wapampando," anatero. "Sizingaoneke bwino. Ndikangowalankhula pang'ono, ndibwera."

Sofia anawerama, ananyamula thumba lija n'kumusenzetsa pamutu, monga amachitira ndi munthu wa ulendo wautali.

Zubairu anathamanga motsimphina, dzanja limodzi lili pathumba, linalo akulikupiza m'mwamba. Kutsogolo lole inali italiza kale injini, anthu akukwera mopanikizana, ena akukokana malaya.

"Dikirani!" ankakuwa. "Dikirani atcheya!"

Anthu ankaimba dzina lake mokweza kwambiri moti palibe amene anamumva.